Kutsogolera ana pa kafukufuku wa chionetsero cha sayansi: chitsanzo cha anankafumbwe ndi phulusa

Mphunzitsi akalengeza kuti pasukulu pachitika chionetsero cha sayansi, ana ambiri amathamangira kukafuna makatoni, mawaya, mabatire ndi guluu kuti apange galimoto, nyumba yoyaka magetsi kapena phiri lotulutsa thovu. Zinthu zotere zimakopa maso, ndipo luso la manja lomwe ana amaonetsa pozipanga ndi loyenera kuliyamikira, koma oweruza akafika patebulo n'kufunsa kuti, "Unkafuna kudziwa chiyani, ndipo wapeza chiyani?", mwana amangoti kakasi chifukwa panalibe funso lomwe ankaliyankha. Malangizo awa ndi a aphunzitsi ndi makolo omwe akutsogolera ana a zaka za pakati pa 11 ndi 14, ndiye kuti ambiri mwa iwo ali mu Sitandade 7 ndi 8 kapena Fomu 1 ndi 2. Ntchito yabwino ya pachionetsero imachokera pa funso laling'ono lomwe mwana waliyesa mosakondera, mobwerezabwereza, n'kulemba zonse monga momwe zachitikira.

Chionetsero cha pasukulu chikhoza kumufikitsa mwana patali. Kuno ku Malawi sukulu zosiyanasiyana zakhala zikukumana ku Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu pa chionetsero cha sayansi cha dziko lonse. Ku Zambia kuli makalabu a sayansi a ana a sukulu otchedwa JETS, omwe adayamba mu 1968, ndipo ku South Africa kuli Eskom Expo for Young Scientists, yomwe idayamba mu 1980. Ku America bungwe la Society for Science limayendetsa mpikisano wa ana a Giredi 6 mpaka 8, kuphatikiza pa mpikisano wake waukulu wa ISEF, womwe mizu yake ndi ya mu 1950. Malamulo a mipikisanoyi amasiyana, choncho mphunzitsi apeze malamulo a chionetsero chomwe akukonzekera asanayambitse ana ntchito, koma kulikonse oweruza amafuna kuona funso, njira yomwe mwana watsata, manambala omwe wapeza ndiponso umboni wakuti ntchitoyo waigwira yekha.

Gawo lovuta kwambiri ndi kupeza funso, ndipo apa mphunzitsi asachite phuma. Mwana akanena kuti akufuna kufufuza za kusintha kwa nyengo kapena za malungo, watchula mutu wa nkhani, sadafike pa funso. Funso loyenera ndi lomwe yankho lake likhoza kuwerengedwa kapena kuyezedwa ndi zipangizo zomwe zilipo, m'nthawi yosapitirira teremu imodzi. Njira yothandiza ndi kuwatuma ana kuti kwa sabata imodzi azilemba zinthu zomwe akuluakulu amanena motsimikiza pakhomo kapena kumunda. Ena amati mbaula ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu, ena amati chimanga cha makolo sichifumbwa msanga ngati cha haibulidi, ena amati kuphimbira nthaka ndi mapesi kumasunga chinyezi, pomwe ena amati phulusa limateteza mbewu kwa anankafumbwe. Chilichonse mwa izi chikhoza kusanduka kafukufuku, ndipo ubwino wake ndi wakuti mwana amakhala ndi chidwi chenicheni chofuna kudziwa ngati agogo ake akunena zoona. Pano titsata nkhani ya phulusa kuyambira poyamba mpaka pa tsiku la chionetsero, popeza zomwe zimafunika pa ntchito imeneyi ndi zomwenso zimafunika pa ina iliyonse.

Funso lakuti "Kodi phulusa ndi labwino?" silingayankhike, chifukwa silikunena kuti labwino pa chiyani. Likonzedwe kuti limveke motere: "Kodi kuchuluka kwa phulusa lothiridwa m'chimanga chotonola kumachepetsa chiwerengero cha njere zobooledwa ndi anankafumbwe pakatha masabata 8?" Funso lotere likutchula chomwe mwana adzasinthe, chomwe adzawerenge ndiponso nthawi yomwe adzadikire. Akalilemba, alembenso zomwe iye akuganiza kuti zichitika pamodzi ndi chifukwa chake, ndipo achite zimenezi asanakhudze botolo ndi limodzi lomwe. Mumuuze momveka bwino kuti ganizo lakelo likadzapezeka lolakwika sadzataya malikisi, chifukwa ana ambiri amayamba kukonza manambala poopa kuti oweruza awaseka.

Asanayambe kuyesa, mwana adziwe kachilombo komwe akuchita nako. Akhoza kuwerenga buku la zaulimi la pasukulu, kufunsa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake, kapena kufufuza pa intaneti mothandizidwa ndi munthu wamkulu, ndipo alembe komwe watenga mfundo iliyonse. Zomwe adzapeze zidzasintha kakonzedwe ka ntchito yonse. Nankafumbwe wamkazi amaboola kabowo kakang'ono panjere, n'kuikira dzira m'katimo, kenaka n'kumata pakhomo pake, moti njere imaoneka yabwinobwino kunja pomwe mphutsi ikudya m'kati. Kukamatentha, kuchokera pa dzira kufikira nankafumbwe wokhwima wotuluka m'njere pamatenga pafupifupi masabata 5. Nchifukwa chake kafukufuku wa masabata awiri sangaonetse zambiri, ndipo masabata 8 amapereka mpata wakuti m'badwo watsopano utuluke n'kusiya mabowo ooneka ndi maso. Teremu yoyamba, ya pakati pa Seputembala ndi Disembala, ndi yoyenera kwambiri, popeza kumakhala kukutentha ndipo anankafumbwe savuta kuwapeza m'matumba a chimanga chomwe chidakololedwa miyezi ingapo yapitayo. Mwana adziwenso kuti pali kachilombo kena koononga kwambiri, komwe ambiri amakatcha nankafumbwe wamkulu, kopanda mlomo wautali ndipo kamasandutsa chimanga kukhala ufa. Asasakanize mitundu iwiriyi m'mabotolo ake, asankhe wa mlomo wautali yekhayekha.

Tsopano kakonzedwe. Pafunika mabotolo 9 ofanana kukula, owala kuti m'kati muzioneka, otsukidwa ndi kuumitsidwa bwino. Mabotolo atatu asathiridwe phulusa konse, atatu athiridwe supuni imodzi lililonse, ndipo atatu otsalawo athiridwe masupuni anayi lililonse. Ana amakonda kufunsa kuti mabotolo opanda phulusawo ndi a ntchito yanji, poti palibe chomwe chikuyesedwamo. Yankho lake ndi lakuti mabotolo amenewa ndiwo muyeso wa ena onse. Mwana akapeza njere 11 zobooledwa m'botolo la phulusa, sangadziwe ngati nambalayo ndi yaikulu kapena yaing'ono pokhapokha ataona zomwe zachitika m'chimanga chosiyidwa chokha. Mabotolo akhala atatuatatu chifukwa botolo limodzi likhoza kunama: mwina mudagwera anankafumbwe okalamba okhaokha, mwina aamuna adachuluka kuposa aakazi, ndipo mwana sangathe kuwasiyanitsa ndi maso. Ngati mabotolo ndi anankafumbwe zikupezeka mosavuta, anayi kapena asanu pagulu lililonse ndi abwino koposa.

Kupatula phulusa, china chilichonse chikhale chofanana. Chimanga chichokere m'thumba limodzi, chisakhale chothiridwa Actellic kapena mankhwala ena alionse, chipetedwe, chisakanizidwe bwino, ndipo mwana achotsemo njere zonse zosweka kapena zobooledwa kale. Popeza mazira amabisala m'kati, ndi bwino kuchiika chimangacho m'chigawo cha firiji choumitsa madzi kwa masabata awiri ngati firiji ilipo, kenaka n'kuchisiya kuti chifunde ndi kuuma chisanalowe m'mabotolo. Komwe kulibe firiji, kusakaniza bwino kumathandiza kuti mazira obisalawo agawanike mofanana m'mabotolo onse, ndipo mwana alembe m'kope kuti adachita choncho. Phulusa lichokere pamoto umodzi, likhale lozizira, louma ndi losefedwa, ndipo alembe ngati ndi la nkhuni kapena la zitsononkho. Supuni ikhale imodzimodziyo, yosalazidwa pamwamba ndi rula nthawi zonse, osati pena yodzaza tho pena yoperewera.

Sukulu zambiri zilibe sikelo, koma limeneli si vuto lolepheretsa ntchito. Kapu imodzi yosalazidwa pamwamba ndi muyeso wokwanira ngati ikugwiritsidwa ntchito pa mabotolo onse. Yemwe akufuna magalamu akhoza kupanga sikelo yake, podziwa kuti mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi. Amangirire chingwe pakati penipeni pa kamtengo kowongoka, apachike zitini ziwiri zofanana kumapeto kwake, aonetsetse kuti zikulingana zili zopanda kanthu, kenaka athire mamililita 200 a madzi m'chitini chimodzi pogwiritsa ntchito jakisoni watsopano wopanda singano kapena kakapu koyezera mankhwala. Akathira chimanga m'chitini chinacho mpaka zitini ziwirizo zitalingananso, ndiye kuti chimangacho ndi magalamu 200. Oweruza ambiri amakondwa ndi sikelo yotere kuposa yogula, bola mwana athe kufotokoza momwe ikugwirira ntchito.

M'botolo lililonse muikidwe anankafumbwe 20 amoyo, oyenda bwino, ndiye kuti onse pamodzi akwane 180. Amapezeka posefa chimanga chofumbwa pamwamba pa beseni, ndipo amatoledwa ndi nthenga ya nkhuku kapena kaburashi kofewa kuti asavulale. Apa pali msampha womwe umagwetsa ntchito zambiri za mtundu uwu. Mwana akatseka mabotolo ndi zitsekerero zake n'kumanga kwambiri, mpweya umatha m'katimo ndipo anankafumbwe akhoza kufa m'mabotolo onse, a phulusa ndi opanda phulusa omwe. Imeneyi ndiyo nzeru yomwe matumba osungira mbewu osalowa mpweya a PICS amagwirira ntchito, ndipo ikhoza kukhala kafukufuku wina payokha, koma ikalowerera pano imaphimba yankho la funso la phulusa. Choncho pakamwa pa botolo lililonse pavundikiridwe ndi kansalu kolimba kopanda chibowo, komangidwa ndi mphira, kuti mpweya uzilowa koma tizilombo tisatuluke, popeza timakwera ndiponso timauluka. Mabotolo onse akhale pamalo amodzi a mthunzi, posafika makoswe ndi nyerere, ndipo malo a botolo lililonse pashelefu asankhidwe pochita maere, kuopa kuti onse a phulusa angakhale kufupi ndi zenera pomwe enawo ali kungodya yozizira.

Kope la kafukufuku ndilo chinthu cha mtengo wapatali pa ntchito yonseyi, ndipo ndikadakhala ndi mphamvu ndikadalamula kuti kope lizipatsidwa malikisi ambiri kuposa bolodi la zithunzi. Likhale kope wamba losokedwa, lolembedwa manambala a masamba, ndipo mwana azilemba ndi bolopeni, kuyamba ndi deti nthawi iliyonse. Akalakwitsa adule ndi mzere umodzi kuti zolakwikazo zizionekabe, asang'ambe tsamba kapena kukopera m'kope lina loyera. Alembe ngakhale zomwe zikuoneka zochititsa manyazi, monga kuti kansalu ka botolo lachisanu kadamasuka ndipo anankafumbwe ena adathawa, kapena kuti sabata ina sadawerenge chifukwa adapita kumaliro. Oweruza odziwa ntchito yawo akaona kope loyera mbee, lolembedwa ndi cholembera chimodzi ndi dzanja losasintha, amakayikira kuti lalembedwa usiku umodzi.

Kamodzi pa sabata, pa tsiku lomwelomwelo, mwana akhuthulire botolo limodzi m'beseni, awerenge anankafumbwe amoyo ndi akufa, achotse akufawo, kenaka abwezere zonse m'botolo pamodzi ndi phulusa lake asanatsekule lina. Achenjere ndi khalidwe la nankafumbwe lonamizira kufa: akakhudzidwa amapinda miyendo n'kukhala duu. Wooneka wakufa aikidwe papepala loyera kwa mphindi zingapo, amuuzire mpweya wofunda wa m'kamwa kapena amukhudze ndi kaudzu, ndipo awerengedwe kuti wafa pokhapokha ngati sakugwedezeka konse. Masabata 8 akakwana, asefe phulusa, asakanize chimanga cha botolo lililonse, atapemo njere 100 osayang'ana, n'kuwerenga zomwe zili ndi mabowo. Ndi nzeru kupempha mnzake yemwe sakudziwa kuti njerezo zachokera m'botolo liti kuti ndiye awerenge, chifukwa munthu yemwe akufunitsitsa kuti phulusa lipambane amatha kulumpha kabowo kakang'ono mosazindikira.

Manambala akapezeka aikidwe m'tebulo, kenaka mwana apeze avereji ya gulu lililonse. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka pofuna kuonetsa kawerengedwe. Mabotolo opanda phulusa apereka njere zobooledwa 41, 36 ndi 46, zomwe pamodzi ndi 123, ndipo tikagawa ndi 3 avereji ndi 41. A supuni imodzi apereka 30, 38 ndi 25, avereji 31. A masupuni anayi apereka 9, 14 ndi 10, avereji 11. Mwana wopupuluma adzalemba kuti phulusa lililonse limateteza chimanga. Mphunzitsi amubwezere ku tebulo lake kuti aone kuti botolo limodzi la supuni imodzi lafika pa 38, kuposa botolo lina lopanda phulusa lomwe lili pa 36. Magulu awiriwa akulowerana, choncho sanganene motsimikiza kuti supuni imodzi yathandiza. Koma botolo loipitsitsa la masupuni anayi lili pa 14, kutali kwambiri ndi 36, ndipo apa akhoza kulankhula molimba mtima. Mwana wa zaka 13 yemwe angathe kufotokoza kusiyana kumeneku wamvetsa chinthu chomwe akuluakulu ambiri amachiphonya. Pojambula galafu, ya mizati itatu ndi yokwanira, yoyambira pa 0, yolembedwa mbali zonse ziwiri chomwe ikuyeza, ndipo ndi bwino kuika timadontho toonetsa nambala ya botolo lililonse pamzati wake.

Polemba zomwe wapeza, mwana asapyole pomwe umboni wake wafika. Wayesa chimanga cha mtundu umodzi, phulusa la pamoto umodzi, m'mabotolo ang'onoang'ono, kwa masabata 8 okha, choncho sangalangize mudzi wonse kuti uleke njira zina zosungira chimanga. Akhoza kutchula zomwe adawerenga, zakuti phulusa limakanda ndi kuumitsa khungu la tizilombo komanso limatseka mipata ya pakati pa njere, koma anene poyera kuti zimenezi adaziwerenga, sadaziyese. Ngati sipadaoneke kusiyana kulikonse, alembe zomwezo, ndipo afotokoze zomwe angasinthe atapatsidwa mwayi wobwereza.

Za chitetezo, mphunzitsi aone ndondomeko ya mwana aliyense ndi kuivomereza ntchito isanayambe. Ana a msinkhu uwu asagwire mankhwala ophera tizilombo, asasinje masamba a poizoni monga ombwe, asalumikize kanthu ku magetsi a m'nyumba pomwe mabatire a tochi angakwanire, ndipo asameretse nkhungu kapena tizilombo ta matenda m'mbale kunyumba. Ntchito ya moto, monga kuyerekeza mbaula, ichitikire panja pali munthu wamkulu. Kafukufuku wofuna kumwetsa anthu kanthu, kuwafunsa za matenda awo kapena kumana ziweto chakudya ndi bwino kungomukana, ndipo mipikisano ikuluikulu monga ISEF imafuna chilolezo cholembedwa ntchito yokhudza anthu, nyama za msana kapena tizilombo ta matenda isanayambike. Posefa phulusa mwana aphimbe mphuno ndi pakamwa, ndipo asambe m'manja akamaliza.

Makolo ali ndi gawo lawo, koma lili ndi malire. Kupereka chimanga, kufuna mabotolo, kukumbutsa tsiku lowerenga ndi kufunsa mafunso ndi thandizo loyenera. Kulemba lipoti, kujambula galafu kapena kupita kwa kalipentala kukakhomeretsa chinthu chokongola ndi kumulanda mwana ntchito yake, ndipo zimaululika pa funso lachiwiri la oweruza. Chimodzimodzinso kukopera ndime za pa intaneti kapena kulembetsa lipoti ku mapulogalamu a pakompyuta: mawu omwe mwana sangathe kuwamasulira asapezeke pabolodi lake.

Bolodi likhoza kupangidwa ndi katoni yaikulu yopindidwa patatu kuti iziima yokha. Mutu ukhale pamwamba m'zilembo zowerengeka munthu ali pamtunda wa mamita awiri, funso ndi ganizo loyamba zikhale kumanzere, njira, tebulo ndi galafu pakati, zomwe wapeza ndi komwe adatenga mfundo kumanja. Mawu akhale ochepa, ndipo kope likhale patebulo lotsekula. Mipikisano ina siilola zamoyo pamalo a chionetsero, choncho afunse msanga. Ngati siilola, abweretse zithunzi kapena njere zobooledwa zomatidwa papepala, gulu lililonse pamzere wake.

Kulankhula kumafuna kukonzekera kwake. Mwana ayambe wafotokoza ntchito yonse m'Chichewa kwa agogo kapena azakhali ake m'mphindi ziwiri, chifukwa iwo adzamufunsa mafunso a munthu wodziwa chimanga, ndipo pomwe wakakamira ndi pomwe sadamvetse. Akatero ayeserere m'Chingerezi pamaso pa anzake a m'kalasi, popeza oweruza kawirikawiri amafunsa m'chinenero chimenecho. Asaloweze ndime pamtima, chifukwa akamudula pakati amasokonekera. Akonzekere mafunso omwe amabwera nthawi zambiri: chifukwa chomwe adasankhira mabotolo atatu pagulu, chomwe chidamudabwitsa, chomwe chidalakwika, ndi chomwe angachite pambuyo pake. Akafunsidwa chomwe sadachiyese, ayankhe mwaulemu kuti, "Zimenezo sindidaziyese, koma ndikhoza kuziyesa motere," ndipo afotokoze mabotolo omwe angakonze.

Chionetsero chikatha, anankafumbwe a m'mabotolo aja amakhala atachuluka kuposa 180 omwe adaikidwamo, makamaka m'mabotolo opanda phulusa. Asakhuthulidwe kuseri kwa kalasi kapena pafupi ndi nkhokwe, chifukwa adzauluka n'kukalowa m'chimanga cha anthu oyandikana nawo. Munthu wamkulu akhuthulire zonse m'ndowa ya madzi owira kumene, kenaka azikwirire m'dzenje. Kope lisungidwe pasukulu kapena kwa mwiniwake, kuti gulu la chaka chotsatira likafuna kuyerekeza phulusa la zitsononkho ndi la mankhusu a mpunga, kapena chimanga cha makolo ndi cha haibulidi, lidzayambire pa miyeso yomwe idalembedwa kale.